Mang'ina a Clotilda pa Ngabu

Clotilda ankaphika mang'ina pa Ngabu, kuseri kwa msika wa thonje, zaka zija munthu wopanda khadi la chipani ankamubweza pachipata. Kanyumba kake kanali ka bango, mabenchi awiri ndi tebulo lopendekeka. Koma dzuwa likafika pamutu anthu ankadya choimirira. Mang'ina ofewa mpaka fupa kuvuka lokha, nthumbwana za mbuzi, mlamba wowamba wotendera, mpunga wa kudambo. Oyeza thonje, oyendetsa ngolo, ndi a Yufi, anyamata a chipani odya osalipira aja, onse ankathera kwa Clotilda.

Sanali munthu wansangala, ayi. Anabwera ali mtsikana kuchokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo kuseka anakusiya komweko. Ukadandaula kuti msuzi wachepa ankangoti, "Kwanu kulibe mkazi?" Anthu n'kuseka, mawa n'kubweranso.

Mwamuna wake Kaitano anali msodzi. Ng'ona inamugwira m'Shire, ndipo kumanda anakaika zomwe anapezazo. Kaitano anamusiyira ana atatu.

Maliro atatha, mlamu wake Fanuel anabwera n'kukhala pabenchi.

"Alamu, moto musakoleze kaye. Imfa ikadali m'thupi mwanu. Tipeze munthu apite kufa, ndiye muziphika."

Kuno zimatero. Mkazi wamasiye amagona ndi mwamuna wina, wachibale kapena woitanidwa, kuti imfayo ichoke. Asanatero, akathira mchere m'ndiwo, amati odyawo amatupa miyendo, chifuwa n'kuwagwira.

"Ine ndimapemphera, alamu," anatero Clotilda.

"Pempherani. Koma odya muno si inu."

Clotilda anakoleza motowo. Anaphika osathira mchere, mcherewo n'kuika m'kambale patebulo kuti aliyense azithira yekha. Ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Masana kunabwera Pedro wa ngolo, amene anadya momwemo kuyambira tsiku lotsegula. Anaima pakhomo n'kumanunkhiza.

"Lowani, a Pedro. Mchere muthira nokha."

"Takhuta, mayi. Nanga mphikawo waugwira ndani?"

Anakagula mbatata yootcha kutsidya kwa msewu, n'kumadya atapereka msana.

A kumpingo anabwera kudzamuuza kuti alimbe mtima, zimenezo n'zachikunja. Koma nthawi yodya ikakwana nawonso ankadutsa patali. Ngakhale a Yufi anazikana zaulerezo. Ndipo kutentha kwa pa Ngabu nyama siigona. Zomwe ana alephera kumaliza ankatayira agalu, agalu a pamsika n'kunenepa. Wopha ng'ombe analeka kumusungira mang'ina.

Kenako kamwana kake kotsiriza kanayamba kutsokomola. Inali nthawi ya fumbi, ana theka la mudzi ankatsokomola, koma anthu anamva chifuwa chimodzi chokhacho. Kumjigo amayi ankachotsa ndowa zawo akamuona. Wina anamuuza pamaso kuti, "Mwamuna wapita, tsopano mukufuna kutsiriza ana."

Clotilda anamvetsera kamwanako kakubanika, n'kupita yekha kwa Fanuel. Sanakhale pansi.

"Mubweretseni munthu uja," anatero Clotilda.

Anamubweretsera Maliko, mkulu wina wogwira ntchito imeneyo midzi yonse ya kuno, wonunkha kachasu. Za tsikulo Clotilda sanauzepo munthu.

Patangopita masiku, m'kanyumba munadzazanso. Pedro anali pamalo pake akupsopsona fupa, akuti mimba yake inali pamaliro nayonso. Kenako analowa Maliko. Anthu anamusunthira, iye n'kukhala pakati pa benchi, chipewa patebulo. Anadya, anadya, n'kukweza mbale.

"Akazanga, tawonjezerani msuzi."

Amuna aja anaseka chakudya chili m'kamwa. Clotilda anaima ndi chipande m'manja, msuzi uli wowira, akumuyang'ana pankhope. Pakhomo panali anthu ena akudikira malo. Clotilda anamuthirira msuziwo m'mbale.

Chifuwa cha mwana chinatha mvula itagwa, ndipo Fanuel anayenda mudzi wonse akuti wapulumutsa banja la mbale wake. Clotilda anaphika pa Ngabu mpaka utsi unamupha maso, ana onse anakula ndi mphika womwewo. Maliko anadyamo zaka zambiri, ndipo Clotilda sanamuyankhepo ngakhale moni.