Tcheyamani wa njinga za pa Nsipe

Amuna anga atabwerako ku migodi ya ku Joni, chooneka chimene anabwera nacho chinali njinga yakuda. Anzawo atatu analinso ndi zawo. Anagwirizana zoziika pamodzi pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu pa Nsipe, kuti wofuna ulendo azibwereka n'kusiya kangachepe. Mwini sitoloyo ankasunga pampu ndi zigamba. Posakhalitsa njinga zinachuluka, zina n'kumakhala ku Manjawira kwa mphwake wa mwini sitoloyo, moti munthu ankatenga kuno n'kukasiya uko.

Kenaka kunabwera tcheyamani wa nthambi ya chipani. Sanabweretse ngakhale sipoko imodzi. Anangoti gulu lopanda mtsogoleri boma limalikayikira, ndipo amuna anayi amene anaswa miyala pansi pa nthaka anangovomera ngati ana. Gululo analitcha kampani, nalembetsa chikwangwani, nalamula kuti wopanda khadi la chipani asakhudze chishalo.

Chonsecho mwiniwakeyo kupalasa sankatha. Ankasankha njinga yathu poti inali yowala, n'kumaikankha mumsewu akuliza belu, thalauza atalimanga m'miyendo ngati wochokera kutali.

Tsiku lina m'mawa mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga, nthawi yake yochira inakwana, ndipo azamba anati zavuta, apite kuchipatala. Ndinathamangira kusitolo. Ndinapeza njinga zonse atazindandalika m'mbali mwa msewu, atazikongoletsa ndi nsalu, poti nduna inkadutsa tsikulo. Ndinagwada pamaso pa tcheyamani n'kufotokoza.

"Mayi, mwana angathe kudikira," anatero tcheyamani. "Anduna sadikira munthu."

Amuna anga anali pomwepo pamzere, atagwira njinga yawoyawo. Anayang'ana pansi. Mwini sitolo analowa m'kati, natulutsa chinjinga chake chonyamulira matumba a mchere, nandipatsa. Tinamukhazika mlamu pakaliyala, ine ndikukankha, azamba atamugwira m'chiuno. Anachira masana, mwana wamkazi.

Kampani inakulabe mpaka kukafika ku Sharpevale. Ine ndi amuna anga sitinakambirane za tsikulo mpaka kumwalira kwawo, ndipo sanapepese. Tcheyamani atamwalira, wolankhula pamaliro ananena kuti malemu ndi amene anayambitsa zonse ndi thukuta lawo. Amayi anzanga analira mokweza monga mwa mwambo. Ine ndinapita kukatunga madzi.