Nandolo amene ndinamumvera chisoni

Lachiwiri lapitali ndikumenya nandolo pabwalo, anatulukira alamu anga, aNambewe a ku Chifunga. Amuna awo anatisiya chaka chatha. Anatsala ndi ana anayi ndi kamunda kamodzi basi.

Titalonjerana, anatapa nandolo m'lichero n'kumuyang'anitsitsa.

"Alamu, uyu ndi wa haibulidi uja, eti? Dzinja likubwerali nanenso ndidzala yemweyu. Mundiuze mmene munachitira, ine ndikangotsatira."

Abale anga owerenga! Ndiwauze chiyani, poti mwiniwakene sindikumvetsa?

Imvani mmene zinayendera. Mvula isanagwe, alangizi anatipatsa ife amayi a m'gulu chingwe chomanga mfundo ndi kachitsekerero ka botolo. Anati pamfundo iliyonse pakhale phando. Mbewu zikamera tipatulire, patsale ziwiri zokha. Feteleza wokulitsa kachitsekerero kamodzi, osaonjezera. Yureya ayi, ati nandolo amadzikonzera yekha chakudya chimenecho kumizu.

Ndinadabwa kale pomwepo. Mayi anga analima nandolo m'chimanga moyo wawo wonse, feteleza sanamulawitseko. Koma ndinati chabwino, zamakono zili ndi malamulo ake.

Ambuye alemekezeke, mvula inagwa bwino. Paja ife timaponya mbewu zambiri paphando poopa mbewa ndi nkhwali. Chaka chimenecho zinamera zonse, pena zinayi, pena zisanu.

Tsiku lopatulira ndinayambira kumtunda kwa munda. Nditafika pakati ndinacheuka. Timbewu tomwe ndinazula tinali titagona m'makwalala, tikufota ndi dzuwa. Mbewu zimenezi ndinazigwadira ndekha kuti zimere. Mulungu wayankha, ndiye ine ndizizule?

Ndinatola khasu n'kubwerera kunyumba. Kumunsi konse kunatsala chomwecho.

Patapita masabata ndinaona mmene kwathinanira, chisoni chinandigwiranso. Ndinati pakhomo pa ana ambiri saphika ndi kampoto. Ndinatenga Yureya wotsala ku chimanga n'kumathira ndi dzanja, kachitsekerero ndinakasiya pawindo.

Mukanaona mmene kunakulira! Mitengo kutalika kuposa bambo a kunyumba, masamba obiriwira kuti bii. Anthu opita ku Lisungwi ankatsika panjinga kuti aone bwino. Wakumtunda uja anali wamfupi, mpaka ndinkachita naye manyazi.

Koma nthawi ya maluwa zinatembenuka. Kumunsi maluwa ambiri anayoyoka, nandolo n'kungobereka kunsonga. Kumtunda nthambi zinatambasuka mpaka kuwerama ndi zipatso. Amene aNambewe anatapa m'licheromo, wambiri ndi wakumtunda, komwe ndinkati ndachita nkhanza.

Bambo a kunyumba mpaka lero sakuleka kundiseka. "Amayi a Chikondi, chaka chino mwatilimira nkhuni zabwino zedi."

Ndinakafunsa alangizi kuti cholakwika chenicheni n'chiti, kuthinana kapena Yureya. Anakanda m'mutu. "Amayi, mwachita ziwiri pamalo amodzi. Ndiloze chiti?" Bambo akuti vuto ndi chinyezi cha kumunsi. Mnzanga wa m'gulu akuti iye sanathire kalikonse koma wakolola bwino. Komatu munda wake uli pachulu. Nanga ndimvere ndani?

Chimene chikundisokoneza kwambiri ndi ichi. Ife tinaleredwa kuti chikondi n'kuonjezera. Mlendo akabwera umaonjeza ndiwo. Mwana akaonda umaonjeza phala. Munthu woyeza ndi kachitsekerero timamunena kuti ndi woumira. Kodi ndani wa ife anaphunzitsidwa kuti pena kukonda n'kuzula, n'kumana? Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha. Yendani m'minda ya kwathu kuno muone mapando odzaza. Ambiri tinamva bwinobwino zimene alangizi ananena. Chinatikanika ndi dzanja.

ANambewe anali akudikirabe yankho, ndipo iwo alibe munda wachiwiri woyeserapo. Akalakwitsa, ana anayi aja adzadya masamba obiriwira?

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chingwe ndi kachitsekerero kaja n'kuwapatsa.

"Chifukwa chake sindikuchidziwa, alamu. Ndikungodziwa kuti komwe ndinamvera izi kunabereka."

Anachitembenuza chingwecho. "Ndiye kuzula kuja? Ine mbewu yomera kale sindingathe."

"Nanenso ndinalephera."

ANambewe anaseka. "Basi, mudzabwere ku Chifunga mudzazule wanga. Ine ndidzabwera kudzazula wanu. Wa mnzako sumumvera chisoni."

Tagwirizana zimenezo, ndipo ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mlamu wanzeru. Koma chikundivutabe n'chakuti, mvula ikadzayandikira ndidzapemphere kuti chiyani? Kuti mbewu zimere zonse, ndikudziwa kuti aNambewe akubwera kudzazula?