Mwala Woletsa Kuledzera

Mumsewu wonse wa osula golide ku Roma munalibe wodziwa kuika mwala pamphete ngati Zosimus. Anakulira muukapolo, choncho ngakhale atamasulidwa, lamulo silinkamulola kuvala mphete yagolide. Zala zimene zinkakongoletsa akuluakulu a mzindawo zinkangovala kamphete kachitsulo kakuda. Koma miyala ankaidziwa ngati ana ake: wofiira woletsa magazi, wobiriwira wopumitsa maso.

Tsiku lina kunabwera Mayi Aninia, mkazi wa Statilius, mkulu wa asilikali wopuma, maso ali psuu. Chinkhoswe cha mwana wawo chinali mkuja, ndipo akuchimuna anali atanenetsa kuti Statilius akadzaledzera n'kugweranso pansi pa tebulo, ukwati palibe.

"Bambo Zosimus, ndipatseni ametusto, mwala woletsa kuledzera uja. Wofiirira kwambiri, wamphamvu."

"Mayi, amuna anu ndimawadziwa. Amamwa vinyo wosathira madzi ngati akunja. Amene aja ngakhale muwamangirire mphero m'khosi!"

"Musandiseke, mwana wanga akulira."

Zosimus anasiya nthabwala. Anakhuthula kathumba, n'kupatula miyala yonse yokongola, n'kusankha kotumbuluka, kofiirira pang'ono chabe. Anakakhazika pagolide, n'kupinda m'mbali mwake mwaluso moti ngakhale chikhadabo sichikanakodwa.

Statilius atabwera kudzayesa mpheteyo anakwinya nkhope.

"Iwe kapolo wakale, mwala wodwalawu ndi wa ine?"

"Bwana, mwalawu uli ndi lamulo lake. Umagwira ntchito ukafanana ndi zimene zili m'chikho. Muzithira madzi mpaka vinyo afanane nawo. Akauposa kuda, mwala umakwiya, mwini wake amagwa chagada."

"Lamulo, eti?" anatero msilikaliyo, akuwongola msana. Lamulo ndiye ankalimva.

Pachinkhoswepo anthu anamuona akuyandikiza chala kuchikho, n'kukuwira wantchito kuti, "Thira madzi ena! Ukufuna undiphe?" Anamwa zikho khumi ndi ziwiri, ndipo anaimirira njo pamene mkamwini ankaveka mwana wa msilikaliyo mphete kuchala chachinayi, chija ankati chili ndi mtsempha wopita kumtima.

M'mawa mwake Statilius anazungulira msika akutama mphamvu ya mwala. Dzina la Zosimus sanalitchule ngakhale kamodzi. Mwini dzinayo anamva zonse ali pamvukuto. Anangotembenuza kachitsulo kake pachala, n'kupitiriza kukoleza makala.