Mpando Wachitatu wa Amayi a M'kachipinda

Mwezi wathawu mpingo wathu unaperekeza kumanda mayi amene tonse tinkawadziwa ndi dzina limene ana asukulu anawapatsa, Amayi a M'kachipinda. Tilemba moyo wawo monga unalili, zokoma ndi zowawa zomwe, pakuti eni akewo ankadana ndi nkhani yokometsera.

Anali mwana woyamba wa kalipentala, ndipo mayi awo anali odwaladwala. Kutchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo ndi azing'ono awo, kuti wina akayamba kulira atuluke naye mwakachetechete. Benchi limenelo sanalisiye mpaka imvi.

Ataphunzira uphunzitsi anayamba ntchito pasukulu ya sekondale, nakwatiwa ndi telala wanthabwala amene ankaimba besi m'kwaya. Ahedi ataona kuti ana onse amavuto amathera pa desiki ya mphunzitsi ameneyu, anawapatsa kachipinda kosungiramo mabuku ong'ambika ndi mipira yophwa kuti azionanamo ndi anawo. Kalata ya udindo panalibe, maphunziro a ntchitoyo panalibenso. Iwo anangosesamo n'kuikamo mipando itatu. Mwana akafunsa kuti wachitatuwo ngwa yani, ankayankha kuti, "Ngwa Ambuye. Sayankha msanga, koma saulula."

M'menemo munalowa ana omenyedwa kwawo, ana amasiye, ana oopa mayeso mpaka kusanza. Palibe nkhani imene inatulukamo, ndipo apa mpamene panagona ulemu wawo ndi kulakwa kwawo komwe. Katatu konse inafika kalata yowaitanira ku maphunziro a alangizi a ana. Akanapita, akanalandira satifiketi, akanakwera pantchito, nalowanso m'gulu la alangizi anzawo okumana mwezi ndi mwezi kugawana nzeru. Katatu konse anaipinda kalatayo n'kuiika m'buku la nyimbo. Pakamwa ankati sangasiye ana nthawi ya mayeso, koma mumtima ankakhulupirira kuti kufotokozera mlangizi mnzako vuto la mwana, ngakhale osatchula dzina, n'kumugulitsa mwanayo.

"Amayi, mutu umodzi susenza denga," amuna awo ankatero, phazi lili pa makina. "Ine jekete likandikanika ndimakamuonetsa mnzanga, ndipo mwini jekete sanadandaulepo."

"Mwana si jekete, bambo," ankayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka china kunabwera mtsikana wanzeru amene anali atasiya kudya ndi kuseka. Womuzunza anali munthu wa m'nyumba momwe ankakhalamo. Asanaulule anawalumbiritsa kuti asauze aliyense, ndipo iwo anasunga lumbirolo teremu yathunthu, akupemphera naye ndi kumusalira chakudya. Sukulu itatsegulidwanso, mtsikanayo sanabwere. Achibale anangoti anachoka ndi kachikwama, ndipo mpaka lero sanamvekenso.

Kuyambira pamenepo Amayi anayamba kuwonda ndi kudwala mutu, koma ntchito sanajombe. Ife a mumpingo tikuvomera ndi manyazi kuti tinawaonjezera katundu. Mabanja akayambana tinkati apite kwa Amayi, wachinyamata akasokonekera tinkati apite kwa Amayi. Tinkawatama kuti ndi olimba ngati nsanamira, koma sitikukumbuka ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anawafunsapo kuti, nanga inu amakumvani ndani.

Kutatsala zaka zitatu kuti apume, ulangizi wa ana unasanduka udindo weniweni wofuna mapepala. Kunabwera katswiri wa zamaganizo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, napatsidwa ofesi ya zenera, Amayi n'kubwerera ku choko. Zinawawawa, koma ananyamula okha mipando itatu ija kukaiika mu ofesi yatsopanoyo. Katswiriyo sanali wodzimva. Ankawafunsa nzeru, ndipo tsiku lina anawakokera ku msonkhano wa alangizi uja anauthawa zaka makumi awiri.

Kumeneko anamva mlangizi wina akufotokoza, osatchula dzina, nkhani yofanana ndi ya mtsikana uja. Anzake sanaseke kapena kudabwa. Anamuuza koyenera kukanena, kumene mwanayo angakakhale motetezeka, ndiponso kuti mwana amauzidwiratu poyamba kuti chinsinsi choika moyo wake pangozi sichisungidwa.  Pofika kunyumba Amayi anangouza amuna awo kuti, "Safunsa anadya phula," kenako analira monga sanalirepo.

Zaka zawo zopuma anazithera pa chinthu chimodzi. Anapempha holo ya mpingo kuti alangizi azikumaniramo, ndipo ankafika msanga kudzakonza mipando. Mphunzitsi wachitsikana akazengereza kupita ku maphunziro chifukwa cha mwana wakhanda, iwo ankamulerera. Wina akati ana asukulu atsala ndi yani, ankamudula pakamwa: "Pita, mwanawe. Ubwerako ndi nzeru, ndiponso ndi anzako."

Amuna awo atatsogola, Amayi nawonso anafooka. Sabata yawo yomaliza anaitanitsa katswiri uja, amene tsopano anali woyang'anira alangizi a masukulu ambiri, namukhazika pafupi ndi bedi.

"Lero mlangizi ndiwe, mwana ndine," anatero. Ndipo kwa nthawi yoyamba anafotokoza bwinobwino za mtsikana wa kachikwama uja, dzina lokha n'kusunga. Katswiriyo anamvetsera osawadula, kenako anati, "Amayi, munalibe wokuuzani njira."

"Usandipepese, mwananga. Mpando uja ndinkati ngwa Ambuye. Ambuye anatumiza anthu katatu kuti adzakhalepo, ine n'kuwapinda m'buku la nyimbo."

Anapempherera limodzi mtsikanayo, kulikonse kumene ali. Patapita masiku awiri Amayi anatsirizika m'mawa, mwana wawo wamkazi akuwawerengera salimo, nkhope ili phee ngati ya munthu amene watula mtolo.

Buku la nyimbo lija anasiyira katswiriyo, makalata atatu aja ali momwemo. Iye amawaonetsa kwa mlangizi aliyense watsopano pa msonkhano wake woyamba, kenako amamufunsa funso limene ife tinalephera kufunsa Amayi kwa zaka makumi atatu. Mzimu wawo uuse mumtendere.