Mapolo Opanda Waya

Pepani owerenga, ine si mlembi wa mabuku. Ntchito yanga ndi kutayipa malipoti mu ofesi ya boma, ndipo nkhani ino ndaifufuta kanayi ndisanalimbe mtima. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankaweta ng'ombe imodzi yamkaka. Ankakama m'mawa, n'kumangirira zigubu ziwiri panjinga kupita nazo kumsika. Mkaka sudikira munthu. Dzuwa likakwera, wotsala unkasasa, n'kuthera kwa nkhumba za aneba.

Chaka china boma linadzika mapolo a magetsi mumsewu wawo. Alimi anasonkherana n'kumanga kanyumba koikamo thanki yoziziritsira mkaka, poti fakitale ina inalonjeza kumadzagula mkakawo. Azakhali anagulitsa munda wawo wa kudambo n'kuonjezera ng'ombe zitatu.

Waya sanabwere. Papita zaka zisanu.

Mwezi watha ndinakawaona azakhaliwo. Ndinawapeza akuyanika zovala pachingwe chomwe anamanga pakati pa mapolo awiri.

"Bwera udzaone magetsi ako, mwana wa achimwene," anatero. "Usagwire chingwecho, angakugwire."

"Azakhali, nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu."

"Manja ake ati? Ndinapita ku ofesi kwanu katatu. Anandionetsa pepala lakuti kuno magetsi anafika kale. Ndiye mwina ine ndi amene sindiona."

Pepalalo ndinatayipa ndine. Ku ofesi kwathu, mapolo akangodzikidwa timalemba kuti dera lalandira magetsi, ndipo dera lolembedwa choncho silibwereranso pamndandanda wa odikira. Potayipa pepalalo sindinafunse kanthu. Chomwe ndinasamala kwambiri tsiku limenelo n'chakuti mizere iwongoke.

M'khola munatsala ng'ombe imodzi. Zitatu zija anagulitsa kwa opha nyama, chifukwa zinkangotha chakudya pachabe pomwe mkaka ukutayidwa. Munda sunabwerere. M'kanyumba ka thanki mukugona mbuzi. Amene ankati atsegula chigayo pafupi anasamukira kwina, wowotcherera zitsulo nayenso.

Mwina sindikuyenera kunena zambiri, poti sindine katswiri wa zachuma. Koma lipoti la chaka chino lili patebulo panga, ndipo dera la azakhali lalembedwanso kuti "ntchito inatha". Lolemba ndikalemba pamzere umenewo kuti pali mapolo okha, ndipo bwana akafunsa amene wasintha, ndidzanena kuti ndine. Ndikuopa, koma mawu aja sinditayipanso.