Mtengo wa mabulosi umene sunabereke

Ababa, lero ndikuchokera ku Luchenza pa kabaza ndapeza mtengo wanu uja wa mabulosi akutchire utagwa ndi mphepo. Anthu anali atafika kale ndi nkhwangwa, akulimbirana nkhuni. Sindinatsike n'komwe. Ndangomuuza wakabazayo kuti tiyeni.

Ndakumbuka tsiku lija tinapuma patsinde pake popita kuchipatala, inu miyendo itatupa. Munakanda khungwa ndi chikhadabo, utomoni woyera ngati mkaka n'kutuluka, ndiye munayamba kundiuza mbiri yake. Munali mutangofika kuchokera ku Mozambique, nthawi ya thangata, azungu akukugwetsetsani nkhalango kuti adzalepo tiyi. Pamtsinje panali mitengo iwiri ya mabulosi, ndipo zipatso zotola pansi pake n'zomwe zinkakuthetserani njala. Munagwadira kapitawo kuti akusiyireni umodzi. Iye anati sankha msanga, inu n'kuloza waukuluwo. "Kani unali wamphongo, mwanawe," munatero mukuseka motopa. "Wobereka uja tinaugwetsa tsiku lomwelo." Chaka ndi chaka wotsalawo unkangochita maluwa, chipatso ayi, mpaka mbalame ndi apusi anasiya kubwera. Koma inu simunkadutsa osaugwirako.

Pumulani inu, ababa, ine kuno ndatopa. Tiyi munalambulira malo uja ndikuthyolabe mpaka pano, ndipo msana wayamba kukana dengu. Chinthu chimodzi chokha chimene munapemphapo pa esiteti yonseyi, lero anthu akuphikira nyemba.