Munagona Nkhondo Ili Mkati

Lero adzukulu akukangana za filimu yankhondo, ati yatalikitsa. Ndakumbukira inu, a Tembo. Nthawi ya Chitaganya, mukundifunsira, munatitengera ku kanema ku Fort Jameson, ine ndi atate amene anamenya nkhondo ku Burma, kuti akukondeni. Filimuyo sinkatha. Munayamba kuliza mkonono, ndipo ndinakugwedezani mobisa katatu, osadzuka.

Titatuluka atate anafunsa, "Aphunzitsi, nkhondo mwaiona bwanji?" Mumtima ndinati ukwati wapita. Inu munati, "Pepani atate, ndinagona." Iwo anaseka. "Simunataye kanthu, ndi bodza lokhalokha. Asilikali osamva njala? Koma inu simunama. Tumizani ankhoswe anu."

Gonani bwino, a Tembo anga. Lero sindikugwedezani.